Ngongole Yakale Pakati pa Abwenzi: Zimene Lamulo Limanena ndi Zimene Umunthu Umafuna

Ngongole ya pachibwenzi kawirikawiri imaperekedwa popanda pepala, popanda mboni, ndiponso popanda tsiku lenileni lobwezera. Imabwera pa nthawi ya mavuto: mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mayi agonekedwa m'chipatala, mvula yagwa feteleza palibe, kapena mnyamata akufuna ya pasipoti ndi thiransipoti yopitira ku Joni. Wopempha amati, "Achimwene, ndigwireni mkono, mwezi ukatha ndikuonani," ndipo mnzake amapisa m'thumba osafunsa zambiri, chifukwa kufunsa kumaoneka ngati kukayikira mnzako. Lonjezo limamangiriridwa pa zinthu zosadziwika bwino: fodya akagulidwa, ndikakolola soya, ndikangoyamba ntchito. Fodya amagulidwa, soya amakololedwa, chaka chimatha, china n'kubwera. Pofika chaka chachitatu awiriwo amakhala atayamba kuzembana pamsika, ndipo chimene chawalekanitsa si kukula kwa ndalamayo, koma kuti palibe amene akuitchula.

Inali ngongole kapena thandizo?

Funso loyamba pa ngongole iliyonse yakale ndi lakuti ndalamayo inaperekedwa pa mgwirizano wotani. Chipepeso cha pamaliro, mphatso ya paukwati, ndi ndalama imene munthu wapatsidwa ndi mawu akuti "kagulireni ana sopo" si ngongole, ndipo woperekayo sangadzuke patapita zaka n'kuisandutsa ngongole chifukwa choti ubwenzi wazilala. Komanso wolandira sangasandutse ngongole kukhala mphatso pongoona kuti mwini wake wakhala chete nthawi yaitali. Anthu ambiri amakhala chete chifukwa cha ulemu, osati chifukwa chakuti anaiwala kapena anakhululuka.

Chimene chimasiyanitsa ziwirizi ndi lonjezo lobweza. Ngati pa tsiku lopatsirana panamveka mawu akuti "ndibwereke," "ndikongoze," kapena "ndidzakubwezera," pamenepo pali pangano, ndipo malamulo a dziko la Malawi amalilemekeza ngakhale silinalembedwe. Anthu ambiri amaganiza kuti pangano la pakamwa lilibe mphamvu kukhoti. Mphamvu lili nayo; chovuta n'kulitsimikizira.

Umboni

Pa mlandu wa ngongole, amene akudandaula ndiye amayenera kusonyeza kuti ndalama inatuluka m'manja mwake ndipo inapita ngati ngongole. Khoti silifuna umboni wolemera ngati wa pa mlandu wa upandu. Limangoyeza kuti mwa nkhani ziwirizo yomveka kukhala yoona kwambiri ndi iti.

Masiku ano umboni ulipo wochuluka kuposa mmene anthu amaganizira. Uthenga wa Airtel Money kapena TNM Mpamba umasonyeza tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala imene inalandira. Sitetimenti ya kubanki imachitanso chimodzimodzi. Mauthenga a pa foni ndi a pa WhatsApp, monga wakuti "pepani achemwali, ija ndikupatsani ndikalandira," amalandiridwa ngati umboni, makamaka chikhazikitsireni lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act mu 2016. Choncho munthu amene ali ndi mauthenga otere asawafufute, ndipo posintha foni ayambe wawasunga pena. Kabuku kamene mayi wa geni amalembamo omutenga katundu pangongole, ngakhale kothimbirira ndi mafuta, n'kothandiza. Mboni imene inalipo pamene ndalama inkawerengedwa imathandizanso, bola ikhale yokumbukira bwino.

Pamenepa pali chinthu chimene chimasokoneza mabanja ambiri. Mboni si woimira ngongole. Munthu amene anangoonerera kapena kusayina kuti waona sakakamizidwa kulipira wobwerekayo akathawa. Amene amalipira ndi yekhayo amene analonjeza momveka kuti "akalephera ndidzabweza ndine," ndipo lonjezo lotere liyenera kulembedwa.

Malire a zaka 6

Lamulo la Limitation Act limaika malire a nthawi imene munthu angatengere mnzake kukhoti. Pa nkhani zochokera pa pangano, monga ngongole, malirewo ndi zaka 6 kuchokera pa tsiku limene mwini ndalama anayamba kukhala ndi chifukwa chosumira. Ngati anagwirizana kuti ndalama ibwezedwe pa 30 Juni 2019, zaka 6 zimayamba kuwerengedwa pamene tsikulo ladutsa osabweza, ndipo zimatha mu Juni 2025. Ngati tsiku silinatchulidwe n'komwe, wobwereketsa wochenjera awerenge kuyambira tsiku limene anapereka ndalamayo, asadikire kuti nthawi iyamba pamene adzayambe kulonjerera.

Lamuloli linaikidwa pa zifukwa zomveka. Zaka zikachuluka mboni zimamwalira, mapepala amatayika, ndipo anthu amakumbukira zinthu mokomera mbali yawo. Si bwino kuti munthu azikhala moyo wake wonse akuopa samani ya nkhani ya kalekale.

Koma nthawi imeneyi imatha kuyambiranso. Wangongole akalemba ndi kusayina kuti akuivomera ngongoleyo, kapena akabwezako pang'ono, zaka 6 zimayamba kuwerengedwa mwatsopano kuchokera tsiku limenelo. Mwachitsanzo, munthu amene anabwereka K200,000 mu 2018 n'kubwezako K20,000 mu 2022, wapatsa mnzake mpata wosuma mpaka 2028. N'chifukwa chake wobwereketsa asanyoze kandalama kochepa kamene wapatsidwa. Alandire ndipo alembe tsiku lake.

Zaka 6 zikatha, khomo la kukhoti limatsekeka ngati wosumiridwayo watchula yekha za malirewo, koma ngongoleyo siisanduka mphatso. Wangongole akaibweza mwa kufuna kwake patapita zaka 10, walipira chimene anayenera kulipira, ndipo sangabwerenso n'kunena kuti amubwezere poti nthawi inali itadutsa. Apa ndi pamene lamulo limalekera umunthu. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo pa ngongole ya bwenzi mawuwa ndi oona kuposa pena paliponse: amene anathandizidwa pa tsiku la misozi, lero zake zikuyenda, n'kumabisala kuseri kwa zaka 6, wapambana mlandu koma wachita chinthu chosayenera. Lamuloli linapangidwa kuti liteteze anthu ku milandu yovuta kuitsimikizira, osati kuti likhale pothawira munthu amene mumtima mwake akudziwa bwino kuti anatenga.

Ngongole zopatsirana kunja zimatsatira malamulo a kumeneko. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amakongozana ya lendi ndi yoyambira geni, lamulo la Prescription Act la 1969 limapereka zaka 3 zokha pa ngongole wamba.

Abweze zingati?

Ili ndi funso limene limadanitsa anthu kwambiri pa ngongole yakale, chifukwa kwacha ya lero si ya dzana. Mu Meyi 2012 kwacha inachepetsedwa mphamvu kwambiri, mu Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Ndalama yaikulu ya pepala inali K1,000 mu 2012, kenako K2,000 mu 2016, ndipo mu 2022 kunabwera K5,000. Aliyense wogula sopo ndi mchere akudziwa tanthauzo la zimenezi popanda womufotokozera.

Pa lamulo, amene anabwereka K50,000 ali ndi ngongole ya K50,000, pokhapokha ngati anagwirizana za chiwongoladzanja kapena anamangirira ngongoleyo pa mtengo wa chinthu china. Wobwereketsa sangangodzuka n'kunena kuti tsopano ndi K300,000 chifukwa zinthu zakwera. Nkhani ikafika kukhoti angapemphe kuti pakhale chiwongoladzanja chifukwa cha kuchedwa, koma kupereka kapena kukana zili m'manja mwa khotilo.

Chilungamo cha pakati pa abwenzi chimapitirira pamenepo. Tiyerekeze kuti munthu anagulitsa mbuzi ziwiri kuti akongoze mnzake, ndipo patapita zaka 8 akubwezeredwa ndalama yosakwana kugula ngakhale kamwana ka mbuzi. Pa pepala ngongole yatha, koma khola lake lachepa chifukwa cha chifundo chake. Wobweza amene ali ndi kuthekera ayenera kufunsa yekha kuti ndalama ija inkagula chiyani pa nthawiyo, n'kuonjezerapo mwa kufuna kwake, asanachite kuuzidwa. Sikuti afikitse ndendende pa mtengo wa lero ngati sangathe; chofunika n'chakuti asonyeze kuti akudziwa zimene kuchedwa kwake kwamutayitsa mnzakeyo. Mawu ochepa ngati akuti, "Ndachedwa nayo, ndiye ndaikapo kangachepe aka," amachiza zambiri.

Ngongole ya zinthu imabwezedwa ndi zinthu zomwezo: thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa thumba la makilogalamu 50, ndowa pa ndowa. Komabe aliyense akudziwa kuti thumba lotuluka m'nkhokwe mu Febuluwale, njala ili pakhomo, ndi lokwera mtengo kuposa lobwezedwa mu Meyi chimanga chili mbwee. N'chifukwa chake m'midzi yambiri wobweza amaonjezerapo ndowa kapena nkhuku yothokozera, ndipo mwambo umenewu ndi wabwino. Chosayenera ndi pamene wobwereketsa apezerapo mwayi pa njala ya mnzake n'kufuna matumba atatu pa limodzi.

Zoterezi zikafika pa ndalama ndiye katapila, pamene ena amafuna theka la ndalamayo pamwamba, ena kuwirikiza kawiri, pa mwezi umodzi wokha. Lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso ndipo panganolo ndi lofinya, n'kuchitsitsa kufika poyenera. Choncho ngakhale munthu anasayina pepala la katapila ali pa mavuto, sikuti watsekeredwa njira zonse.

Zimene mwini ndalama saloledwa kuchita

Kukhala ndi ngongole si mlandu wa upandu. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994, pa gawo 19, amanena kuti munthu asatsekeredwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano. Apolisi si otolera ngongole, ndipo kuopseza mnzako kuti agona m'chitokosi chifukwa cha ndalama yobwerekana n'kugwiritsa ntchito polisi molakwika. Zimasiyana pokhapokha ngati ndalamayo inatengedwa mwachinyengo kuyambira pachiyambi, monga munthu kunama kuti ali ndi malo ogulitsa pamene alibe. Pamenepo ndi mlandu wopeza zinthu mwa bodza, umene uli pa gawo 319 la Penal Code.

Mwini ndalama saloledwanso kulowa pakhomo pa mnzake n'kunyamula njinga, wailesi, mbuzi kapena malata kuti adzilipire yekha. Kulanda katundu chifukwa cha ngongole ndi ntchito ya masherifu, ndipo iwonso amachita zimenezi atalamulidwa ndi khoti. Wolanda yekha angapezeke kuti iye ndiye akuyankha mlandu. Ngati panaperekedwa chikole, chisungidwe bwino, chisagwiritsidwe ntchito mpaka kuonongeka, ndipo chisagulitsidwe mwini wake asanachenjezedwe ndi kupatsidwa nthawi. Chikagulitsidwa pa mtengo woposa ngongoleyo, yotsalayo ndi ya mwini chikole. Khadi ya ATM ndi chiphaso cha unzika si zinthu zoyenera kupereka kapena kulandira ngati chikole.

Palinso chizolowezi chatsopano choika chithunzi cha wangongole pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp ndi mawu omutcha wakuba. Zimenezi zingabweretse mlandu woipitsa mbiri ya munthu, kapena wozunza munthu pa intaneti pansi pa lamulo la 2016 lija. Ndiponso munthu amene wachititsidwa manyazi pagulu amauma mtima. Amene akanabweza pang'onopang'ono amangoti zaonongeka kale. Kulonjerera ngongole pamaliro, kutchalitchi, kapena pamaso pa ana a munthu kumapweteka anthu amene sanatengeko ndalamayo.

Kalondoledwe koyenera

Njira yabwino imayambira pa awiriwo paokha. Mwini ndalama apite masana, mtima uli m'malo, atchule ndalamayo ndi chaka chake mosazungulira, ndipo afunse mmene mnzakeyo angathere kubweza. Nthawi zambiri wangongole amakhala kuti wakhala akuzemba chifukwa cha manyazi osowa ndalama yonse pakamodzi, ndipo amapepukidwa akamva kuti angathe kubweza m'zigawo. Zimene agwirizana zilembedwe, ngakhale pa pepala long'amba m'kope: mayina awo, ndalama yotsala, kuchuluka kwa chigawo chilichonse, masiku ake, ndi siginecha kapena chidindo cha chala cha aliyense pamodzi ndi mboni ziwiri. Aliyense asunge lake. Pepala limeneli limayambitsanso zaka 6 zija.

Zikakanika, pakhale mkhalapakati amene onse awiri amamulemekeza: mkulu wa mpingo, shehe, mwinimbumba, kapena bwenzi la onse. Zipembedzo zonse ziwiri zikuluzikulu m'dziko muno zimaiona nkhaniyi mozama. Vesi lalitali kwambiri m'Qur'an, la 282 mu Surah Al-Baqarah, likunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni, ndipo pafupi nalo pali lolimbikitsa kumupatsa nthawi wangongole amene ali pa mavuto. M'Baibulo, Salimo 37 limadzudzula wokongola wosabweza, pamene Deuteronomo 15 amakamba za kumasula angongole. Mbali zonse ziwiri zili ndi chowakumbutsa.

Kuchoka apo nkhani imapita kwa anyakwawa kapena agulupu. Bwalo la mfumu lili ndi ubwino wakuti limadziwa anthuwo, minda yawo ndi nthawi imene amapeza ndalama, motero limatha kugamula kuti abweze akakolola m'malo momufinya mu Januwale. Mphamvu yake yagona pa kumvana ndi ulemu wa m'mudzi. M'maboma ena muli amkhalapakati a m'midzi ophunzitsidwa ndi bungwe la PASI, amene amathandiza kuyanjanitsa anthu pa nkhani ngati zimenezi.

Khoti ndi lomalizira. Asanapiteko, mwini ndalama alembe kalata yopereka masiku, monga 14, ndipo asunge kope lake. Ngongole zing'onozing'ono zimayambira kukhoti la majisitireti, kumene munthu angadziyankhulire yekha popanda loya, ndipo kalaliki wa khoti amafotokoza za mafomu ndi ndalama yolembetsera mlandu. Osowa angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Wolandira samani asaibise pansi pa mphasa: akapanda kuyankha, khoti lingagamule iye kulibe. Akapita n'kuvomera, angapemphe kuti azilipira m'zigawo malinga ndi mapezedwe ake. Wosuma ayambe wawerengera mtengo wa maulendo, masiku otayika kumunda kapena pa geni, ndi ubwenzi umene sungadzabwererenso mwakale. Pa ndalama yochepa, zotayikazo zimatha kuposa zimene akulondola.

Mmodzi akamwalira

Imfa siifafaniza ngongole. Wobwereka akamwalira, ngongole yake imalipidwa kuchokera pa chuma chimene wasiya, chisanagawidwe kwa olowa m'malo, motsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Mkazi wamasiye, mwamuna wamasiye kapena ana sakakamizidwa kulipira kuchokera m'thumba mwawo ngati sanaimire ngongoleyo, ndipo mwini ndalama alibe ufulu wolanda katundu wa pakhomo pa masiye. Apite kwa amene akuyendetsa chumacho, kaya ndi wachibale wosankhidwa, ofesi ya DC kapena ya Administrator General, ndi umboni wake. Mwambo wolengeza pamaliro kuti amene malemu anali nawo ngongole, kapena amene anali ndi ngongole kwa malemu, akaonane ndi akubanja, ndi wothandiza kwambiri, chifukwa umatulutsa nkhani poyera anthu odziwa akadalipo. Chuma chikakhala chochepa moti kulipira kusiya ana amasiye opanda pogona, wobwereketsa amene angathe kupirira achita bwino kuchepetsa kapena kusiya.

Chovuta kwambiri pa chikumbumtima ndi pamene womwalirayo ali mwini ndalama, ndipo palibe wina akudziwa za ngongoleyo. Ndalamayo tsopano ndi ya mkazi wake ndi ana ake, amene mwina akuisowa kuposa mmene malemuyo ankaisowera. Wangongole ayenera kupita yekha kukaulula ndi kubweza kwa woyendetsa chuma kapena kwa wamasiyeyo pamaso pa mboni, osati kwa wachibale aliyense amene wafulumira kutambasula dzanja.

Kubweza, kukhululuka ndi kutseka nkhani

Wangongole amene sangathe kubweza pakali pano ali ndi udindo umodzi umene sufuna ndalama: kuonekera. Apite, anene mmene zinthu zilili, atchule yekha ngongoleyo. Ngati akugula foni yatsopano, kumanga mpanda kapena kuchititsa phwando mnzake akuona, asadabwe mnzakeyo akapsa mtima. Ngongole yakale iyenera kukhala patsogolo pa zinthu zosangalatsa. Ngati ndalama siikupezeka, angagwirizane zobweza ndi mbewu, chiweto kapena ntchito, monga kuumba njerwa kapena kusoka, bola mtengo wake augwirizane ntchitoyo isanayambe. Kukatenga katapila kapena kubwereka ku banki m'khonde kuti atseke ngongole ya bwenzi yopanda chiwongoladzanja n'kukulitsa vuto. Kuli bwino kupempha nthawi. M'banja, mwamuna ndi mkazi adziwitsane za ngongole zimene ali nazo ndi zimene anakongoza, chifukwa zambiri zimaululika mochedwa, mmodzi atadwala kapena atapita.

Mwini ndalama ali ndi ufulu wokhululuka, ndipo nthawi zina ndicho chinthu choyenera, makamaka mnzake akagwa m'matenda aakulu kapena umphawi woti sangadzukemo msanga. Koma kukhululuka kunenedwe ndi pakamwa, momveka: "Ija musaiganizirenso, ndakusiyirani." Kukhululuka kwa mumtima mokha kumasiya mnzake akuzembabe, ndipo ana a wobwereketsayo angadzaifune iye atamwalira. Amene wakhululuka asadzaitchulenso pa mkangano wina. Angathenso kukhululuka gawo lina n'kulandira lotsalalo.

Chigawo chilichonse chikaperekedwa chilembedwe pa pepala la onse awiri, kapena chitumizidwe pa foni kuti uthenga ukhale umboni. Wotumiza kuchokera kunja asunge malisiti a kampani imene watumizira. Pa tsiku lomaliza, wolandira alembe kuti ndalama yonse yakwana ndipo palibe chotsala, asayine pamodzi ndi mboni, abweze chikole mmene chinalili, ndipo ngati nkhani inafika kwa mfumu, kwa akulu a mpingo kapena kukhoti, akadziwitsidwe kuti yatha.